Malaya Amene Sankayenera Kuchapidwa

Pa anthu onse amene ankagwira ntchito pa filimu ija, ndi Mayi Nsanza okha amene ankabwera m'mawa atatchena n'kubwerera madzulo zala zili bii ngati wogulitsa makala. Anali telala wa zaka makumi awiri pa makina, wosoka madiresi aukwati oti mkwatibwi akavala, ngakhale apongozi ovuta amamwetulira. Koma dzina lija silinachokere ku kusoka. Linachokera ku ntchito ina imene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo: kutenga chovala chatsopano n'kuchikalambitsa, kuti woonera filimu akhulupirire kuti mwini wake wachivala zaka zisanu, pamvula ndi padzuwa. Anzawo anayamba kuwatchula choncho mowaseka, iwo n'kulilandira dzinalo ndi manja awiri.

Filimuyo inali nkhani ya bambo wina wonyamula matumba pamsika, munthu wa malaya amodzi. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza ankayenera kuoneka m'malaya omwewo. Mayi Nsanza anawagula ali oyera mbee, n'kulimbana nawo masiku atatu. Asanawakhudze n'komwe, anakakhala tsiku lathunthu pamene malole amatsitsira katundu, kungoyang'ana mapewa a anthu. Anaona kuti thumba limadya phewa limodzi, osati onse awiri. Anaona kuti munthu wotopa amapukutira thukuta kumunsi kwa malaya, ndiponso kuti kolala imayamba kuda mkati, kunja pambuyo. Atafika kunyumba anawanyika m'tiyi wozizira wopanda mkaka, anapala phewa la kumanja ndi sandipepa wa akalipentala mpaka ulusi unayamba kuonekera, m'khwapa anathiramo madzi amchere kuti akauma asiye mizere yoyera ya thukuta lakalekale. Batani lachitatu analidula, pathumba anang'ambapo pang'ono. Wosewera wamkulu atawavala koyamba, anangoyamba yekha kuyenda mowerama popanda womuuza.

Mwini filimuyo, amenenso anali dayirekitala, anali munthu wachinyamata, wamtima wabwino ndithu koma wa pakamwa pothira shuga. Kuseri ankamutchula Bwana Zikubwera, chifukwa ukangomufunsa za ndalama yankho lake linali lomwelo. Osewera ankawalipira tsiku ndi tsiku, poti nkhope zawo zimaoneka, ndipo mmodzi atakwiyira pakati panjira ndiye kuti filimu yafa. Kamera inali yobwereka, inkabwera ndi mwini wake, ndipo ameneyo sankatsegula chikwama asanaone ndalama. Otsala anali anayi: Wamagetsi, Wazodzola, Mayi Nsanza, ndi Makutu wojambula mawu, amene ankaswera atakweza ndodo ya maikolofoni pamwamba pa mitu ya anthu. Anayiwa ankapatsidwa ya minibasi yokha, kuphatikizapo lonjezo lakuti filimu ikadzagulidwa adzanjoya, ndiponso kuti mayina awo adzalembedwa kumapeto, nthawi ija anthu amakhala atadzuka kale akusakasaka khomo lotulukira.

Masabata awiri anatha choncho, kutatsala masiku asanu. Wamagetsi anali atayamba kubwera wapansi kuti ya minibasi ikagule chakudya kunyumba. Mayi Nsanza nawo anali atasiya shopu yawo yotseka pa nyengo imene makolo amapanikizana kusoketsa mayunifolomu. Anzawo atatu aja anawatuma, pokhala akuluakulu, kuti akalankhule.

Anamupeza Bwana Zikubwera Lachitatu masana akumwa madzi pamthunzi wa galimoto.

"Bwana, sitikupempha zambiri," anatero. "Ya tsiku, ngakhale yochepa, koma pamanja, ngati mmene mumachitira ndi osewera. Za masiku apitawa tingolemberana papepala."

"Amayi, filimu iyi ndi ya tonse. Ndalama zikubwera."

"Zinanyamuka liti kumeneko, kuti mwina tikazichingamire?"

Bwana Zikubwera anaseka chikhakhali, ndipo kusekako kunamumasula lilime kupyola muyezo.

"Komatu tinene zoona, amayi. Wamagetsi ndimamumvetsa, amakwera makwerero. Nanga inu? Kudetsa malaya? Mwana wa mchemwali wanga amachita zimenezo tsiku lililonse, ndipo salipidwa, amakalipiridwa."

Mawu amenewa anawalowa Mayi Nsanza mpaka m'mafupa. Akanawakaniza ndalama basi, akanamvetsa, chifukwa kusowa ankakudziwa. Koma kuitenga ntchito yawo n'kuiyesa masewera a mwana, zimenezo zinawawawa zedi. Anabwerera kwa anzawo n'kungonena kuti wakana, ndipo mumtima anatsimikiza kuti amaliza masiku asanuwo poti sasiya ntchito pakati, koma akatero za mafilimu atsanzikana nazo.

Sabata imeneyo ankajambulira kunyumba kwa azakhali a Bwana Zikubwera, amene anaipereka mwaulere. Azakhaliwo anali namwino wopuma pantchito, munthu waukhondo woti ntchentche polowa m'nyumba mwawo inkayamba yapukuta mapazi. Katundu yense wa filimu ankagona m'kachipinda ka kuseri.

Lachinayi m'mawa anthu ali kalikiliki kukoka mawaya pabalaza, Azakhali anatulukira kuchokera kuchipinda atanyamula hang'ala m'mwamba, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

"Ndakuthandizani, ana inu," anatero. "Munthu wamkulu ngati uja angaoneke pa filimu atavala zonyansa zija, m'nyumba mwanga muno? Anthu azidzati chiyani? Ndawanyika m'mankhwala oyeretsera, pong'ambika paja ndasoka, batani ndaika. Taonani mmene asitikira."

Malaya aja anali mbee, akununkhira sopo, kolala ili njo ngati ya wopita kukafunsira ntchito. Wazodzola anagwira pakamwa. Makutu anavula zomvera zake pang'onopang'ono. Mayi Nsanza anakhala pampando umene unali pafupi.

Vuto linali losavuta kuliona. Dzulo lake anali atajambula bambo wa matumba uja ali panja, akugogoda n'kutsegula chitseko. Lero ankayenera kumujambula ali mkati, chitseko chomwecho chikutsekeka kumbuyo kwake. Ndiye kuti woonera adzaona munthu akulowa ali mmphawi, n'kutulukira mkati ali mkwati. Masabata awiri onse anali atajambulidwa ndi malaya omwewo, ndipo ena ofanana nawo panalibe, chifukwa pamene Mayi Nsanza anapempha kuti agule awiri, Bwana Zikubwera anati amodzi akwana.

"Ndalakwa?" anafunsa Azakhali, hang'ala ikutsika pang'onopang'ono.

"Ayi, azakhali, si nkhani," anatero Bwana Zikubwera, ngakhale thukuta linali litayamba kale kutsika. "Ndipatseni kuno. Mphindi zisanu zokha."

Anatuluka nawo panja. Anawapukusa m'dothi la pamaluwa a Azakhali, anawapondaponda, anawakhula patayala la galimoto, n'kubwera nawo akupuma mofulumira. Wosewera wamkulu anawavala n'kuima pachitseko. Mwini kamera anaika chithunzi cha dzulo mbali imodzi ya kasikirini kake, cha lero mbali inayo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu wa dzulo ndi munthu wosauka," anatero. "Uyu wa lero ndi munthu wolemera amene wagwera m'ngalande."

Wamagetsi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mwini kamera anawonjezera, mosakweza mawu, kuti kamera yake imawerenga tsiku kaya yajambula kaya yangogona m'chikwama.

Nthawi yonseyi Mayi Nsanza anali atakhala pakhonde, akupinda mpendero wa siketi ya wosewera wina, maso ali pasingano. Sanafune kuwayang'ana malayawo. Kuwaona akupondedwa kunawapweteka kuposa kuwaona atachapidwa, chifukwa Azakhali analakwa mwachikondi, pamene uyu ankaganizadi kuti litsiro ndi litsiro basi.

Patapita kanthawi anamva mapazi kumbuyo kwawo.

"Amayi, tingaonane kukhitchini?"

Anamutsatira. Bwana Zikubwera anatseka chitseko, n'kuima pafupi ndi sinki akufikisa manja ngati munthu wakumva chisanu.

"Dzulo ndinalankhula mopusa. Pepani. Mungathe kuwabwezeretsa lero?"

"Mwana wa mchemwali wanu uja ali kutali?"

"Amayi, chonde." Anatsitsa mawu. "Inuyo ndikupatsani lero lomwe, ya masiku onse kuyambira poyamba, ndiwonjezeranso kenakake pamwamba. Koma zikhale za awirife. Enawo akamva, aliyense atambasula dzanja, ndipo ine ndilibe."

Anatchula chiwerengero. Zinali ndalama zoti shopu ikanatsegulidwa Lolemba mwini nyumba akumwetulira, ndipo kunena zoona Mayi Nsanza anazifuna. Palibe akanadziwa. Akanatha kunena kuti akonza malayawo chifukwa chokonda ntchito, anzawo n'kuwayamikiranso.

Anayang'ana pawindo. Panja Makutu anali atakhala pachidebe akuyesa mawaya ake, ndodo ya maikolofoni itatsamira paphewa. Maso a telala sapuma, ndipo iwo anaona chimene anali asanachionepo masiku onsewo: malaya a Makutu anali atatha paphewa la kumanja, pamene ndodo imakhala akamapumula, ulusi ukuonekera. Pamenepo panalibe wapala ndi sandipepa.

"Zimene mwanenazi n'zabwino," anatero potembenuka. "Kazineneni pabalaza, mokweza. Kungoti pamene mwati 'inuyo amayi' mukati 'inu nonse anayi.' Ya pamwambayo isungeni. Tikufuna ija ndinanena dzulo."

"Ndikulumbira, amayi, ndilibe."

"Nanga zija munakapereka kuhotela?"

Bwana Zikubwera anadzidzimuka. Ankaganiza kuti ndi chinsinsi, kuiwala kuti munthu wosoka amakhala pansi mwakachetechete pamene ena akulankhula pafoni. Anali atalipiriratu holo ya kuhotela ina yaikulu, ya tsiku loonetsa filimu koyamba, pamodzi ndi kapeti yofiira ndi zithunzi zazitali zoimika pakhomo.

"Imeneyo ndi ya tsiku loonetsa," anatero mofooka.

"Mukaonetsa chiyani? Kapeti?"

Bwana Zikubwera anakhala pampando wa kukhitchini n'kugwira mutu. Mayi Nsanza anamumvera chisoni, chifukwa sanali wakuba. Anali munthu amene kuyambira ali pasukulu ankalota tsiku limenelo, iye atavala suti, amayi ake atakhala kutsogolo, ndipo malotowo anali atamutseka maso kuti asaone amene akumunyamula. Koma chisoni sichinawasunthe pamene anaima.

"Mwana wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "filimu ikakhala yabwino, anthu adzaionera ngakhale pakhoma la sukulu. Koma Wamagetsi akakomoka ndi njala pamakwerero paja, kapeti sidzamuwakha."

Bwana Zikubwera anadzuka, anatsegula chitseko, n'kupita pabalaza. Anaomba m'manja kuti onse amve. Mawu ankatuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri, komabe anatuluka: kuyambira lero, anayiwo azilandira ya tsiku pamanja, ndipo za masiku apitawo asainirana papepala, Azakhali akhale mboni. Atatero anatenga makiyi a galimoto kuti akachonderere kuhotela kuja.

"Tidikire abwere kaye?" anafunsa Wamagetsi monong'ona.

"Ayi. Wanena pagulu, tonse tamva. Yatsa nyali yako yaikulu ija, undiikire pakhonde."

Ntchito inayamba. Choyamba kunali kuchotsa matope a Bwana Zikubwera, ndipo Azakhali anawalanda malayawo n'kukawachapa okha, akuti pa zonsezi ndi ntchito yokhayo imene akuidziwa. Atabwera nawo, Mayi Nsanza anawapatsa kalumo.

"Mwasoka bwino kwambiri, mayi. Ulusi wake ndi wolunjika kuposa wa atelala ena amene ndimawadziwa. Tsopano phwasulani."

Azakhali anaphwasula, nkhope ili ngati akuzula dzino lawo lomwe. Batani lija analidulanso okha, n'kuliika m'thumba la epuloni. Kenaka anakafulula tiyi, masamba awo a alendo, mpoto wathunthu.

Mwayi unali wakuti phewa lopalidwa lija sopo sakanalibwezeretsa. Tsoka linali lakuti mankhwala oyeretsera aja anali ataisintha nsalu, sinkamwanso tiyi ngati kale. Anainyika koyamba, Wamagetsi anaiumitsa ndi nyali, inatuluka yotuwa. Anainyika kachiwiri, inaderapo koma osafika. Kachitatu Mayi Nsanza anathiramo khofi pang'ono, n'kuitulutsa asanawerenge mpaka makumi atatu. Mwini kamera, munthu amene masabata awiri onse anali asanawapatsepo moni wolongosoka, anabweretsa kasikirini kake pakhonde, anaimitsa chithunzi cha dzulo n'kumachikulitsa paliponse pamene iwo aloza. Iwo ankayeza banga ndi zala pasikirinipo, n'kukaliyeza pamalaya. Wazodzola anasakaniza mafuta ndi paudala wake wakuda wa kolala. Makutu anawavala malayawo n'kukweza manja m'mwamba, poti ndi ntchito yake kale, kuti madzi amchere agwere pamalo pake m'khwapa.

Azakhali anakokera mpando pafupi, akuyang'ana zala za Mayi Nsanza zikuthira fumbi la makala kumunsi kwa malaya, kenaka n'kulipukutanso pafupifupi lonse.

"Bwanji mukuchotsanso?" anafunsa.

"Munthu ameneyu ndi wosauka, koma si wauve. Amachapa Lamlungu lililonse. Chimene chiyenera kuoneka ndi litsiro lokana kuchoka, osati la lero."

Azakhali anagwedeza mutu. "Ine zaka zonse zija kuchipatala ndinkawaona malaya otere, koma sindinkawawerenga."

Cha m'ma thuu koloko masana, wosewera wamkulu anawavala n'kuima pachitseko. Mwini kamera anaikanso zithunzi ziwiri pamodzi. Anayang'ana, anasendeza nkhope pafupi, anayang'ananso. Bwana Zikubwera anali atangolowa kumene, fumbi lili kumaso, n'kuima kumbuyo kwake.

"Cha dzulo ndi chiti apa?" anafunsa Bwana Zikubwera.

"Inenso ndasokonezeka," anatero mwini kamera.

Mayi Nsanza anapukuta manja pakansalu. Mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe, ndipo sanabise, anamwetulira mano onse panja. Ankadziwa kuti palibe woonera amene adzadziwe zimene zachitika pakhonde paja, ndipo kusadziwa kwawoko ndiye kunali umboni wakuti ntchito yagwirika.

Anajambula mpaka dzuwa litapendeka. Atamaliza, Bwana Zikubwera anakhala patebulo la pabalaza, pepala mbali iyi, envelopu mbali inayo. Anayiwo anaima pamzere. Anzawo anawakankhira Mayi Nsanza kutsogolo, koma iwo anakana, anati wotumidwa amadya pomaliza, n'kukaima kumbuyo. Wamagetsi analandira, anasaina, n'kutuluka akuimba mluzu. Wazodzola analandira. Makutu analandira ndi manja awiri, anayang'ana ndalamazo, anayang'ananso Mayi Nsanza.

Itafika nthawi yawo, Bwana Zikubwera anasuzumira mu envelopu muja, anaigwedeza, makutu ake n'kuyamba kutentha. Kuhotela kuja anali atamubwezera theka lokha, lotsalalo anati abwerenso mawa bwana wawo akakhalapo, ndipo pa theka lomwelo mwini kamera anali atatengapo kale yake. Mu envelopu munatsala ya minibasi basi.

"Amayi," anatero, osatha kuwayang'ana kumaso, "zikubwe—"

Anadziluma lilime yekha. Azakhali anamuyang'ana ndi diso loti ngakhale wodwala wamakani akanameza mapiritsi.

Mayi Nsanza anatenga ya minibasiyo, anasaina pepala la masiku apitawo, dzina lawo lenileni, zilembo zazikulu. Sanakwiye. Anthu atatu anali atatuluka m'nyumbamo ndi malipiro a thukuta lawo m'thumba, chinthu chimene m'mawa wa tsiku lomwelo chinalibe ngakhale fungo. Anapita kukachipinda ka kuseri kuja, anachotsa malaya pahang'ala, anawapinda mosamala phewa lopalidwa lili mkati, n'kuwaika m'chikwama chawo. Anadutsa nawo pabalaza pomwepo, osabisa.

"Malayawa akagona kwanga," anatero. "Mawa muyambe mwandilipira ine, malaya pambuyo."

"Simukundikhulupirira, amayi?"

"Ine ndikukukhulupirirani kwambiri, bwana. Malayawa ndi amene sakukudziwani bwino."

Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma. Bwana Zikubwera anadzuka n'kukawatsegulira chitseko yekha. Mayi Nsanza anakoleka chikwama paphewa, natuluka ulendo wa kusiteji ya minibasi, zala zili bii, mutu uli m'mwamba.